Asilikali a Pansi Ayambanso Kuyang'ana Kumwamba

Mbandakucha wa pa 28 Januwale 2024, kandege kopanda woyendetsa kodzaza ndi zophulika kadagwera pa nyumba zogona asilikali a dziko la America pa kampu yotchedwa Tower 22, kumpoto chakum'maŵa kwa dziko la Jordan, pafupi ndi malire a Syria. Asilikali atatu adafa ndipo ena oposa 40 adavulala. Poyerekeza ndi unyinji wa anthu amene afa pa nkhondo za ku Ukraine ndi ku Sudan, chiŵerengero chimenechi n'chochepa, komabe akuluakulu a nkhondo m'maiko ambiri adachitenga ngati chenjezo lalikulu. Kuchokera pa 15 Epulo 1953, pamene asilikali aŵiri adaphedwa ndi mabomba a ndege pa chilumba cha Cho-do pa nkhondo ya ku Korea, dziko la America lidakhala likunyadira kuti palibe msilikali wake wa pansi amene adaphedwa ndi ndege ya adani. Kunyadira kumeneko kudatha patapita zaka 70, ndipo chimene chidakuthetsa chidali chida chotsika mtengo cha gulu la zigaŵenga lothandizidwa ndi Iran.

Nkhaniyi ikukhudza mbali ya chitetezo imene maiko ambiri adaitaya kunkhongo kwa zaka pafupifupi 30, ndiyo yoteteza asilikali a pansi, magalimoto awo, milatho ndi makampu ku zinthu zouluka motsika: ndege zozembera m'zigwa, mahelikopita, ndipo makamaka tindege topanda woyendetsa timene masiku ano aliyense akutitcha madroni. Maiko olemera tsopano ali pa mpikisano wokonzanso chitetezo chimenechi. Ife tikuona kuti chimene chidzalekanitse opambana ndi olephera pa mpikisanowu ndi masamu a mtengo ndi kuchuluka kwa zida, ndiponso maphunziro a msilikali wamba, kuposa kukongola kwa zida zimene zikuonetsedwa pa ziwonetsero za malonda.

Aphunzitsi a sayansi angathe kulongosolera ana a sukulu gwero la vutoli pa bolodi popanda kutchula nkhondo n'komwe. Dziko lapansi ndi lobulungira, pamene mafunde a radar amayenda pafupifupi molunjika. Motero radar imene mlongoti wake watalika mamita 10 singathe kuona chinthu chouluka mamita 30 kuchokera pansi kufikira chitayandikira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35, ngakhale malowo atakhala osalala ngati bwalo la mpira. Ndege yothamanga makilomita 900 pa ola imatha mtunda umenewo pa mphindi ziŵiri ndi masekondi 20. Pakakhala mapiri, nkhalango kapena nyumba zazitali, nthaŵiyo imacheperatu. Kandege ka droni nako kali ndi ukathyali wake: n'kakang'ono, mbali yaikulu n'kapulasitiki, ndipo kamauluka pang'onopang'ono ngati mbalame. Ma radar ambiri akale adapangidwa mwadala kuti azinyalanyaza zinthu zotere, kuopa kuti asilikali angamadzutsidwe usiku chifukwa cha gulu la akakowa. Mizinga ikuluikulu monga Patriot, imene imaponya kutali ndi m'mwamba zedi, sidapangidwire mdani wouluka mofanana ndi nsonga za mitengo.

Si kuti vutoli ndi lachilendo. Pa nkhondo ya mu Okutobala 1973, asilikali a Egypt adaoloka ngalande ya Suez ali pansi pa mthunzi wa mizinga ya SA-6, mizinga yonyamula papheŵa ya SA-7 ndi mfuti za ZSU-23-4, zonsezi zochokera ku Soviet Union. Ndege za Israel zikakwera m'mwamba zinkakumana ndi mizinga, zikatsika kuti zizembe radar zinkagwera m'kamwa mwa mfuti. Israel idataya ndege pafupifupi 100 pa nkhondoyo, zambiri mwa izo pa masiku oyambirira. Koma pa 14 Okutobala, akasinja a Egypt atapita kutsogolo n'kusiya mthunzi uja kumbuyo, adaonongedwa ambirimbiri tsiku limodzi ndi akasinja ndi ndege za Israel. Magulu a nkhondo a nthaŵi imeneyo adamvetsa bwino kuti chitetezo cha mlengalenga wapafupi chiyenera kuyenda limodzi ndi asilikali, pa liŵiro lawo ndi m'matope momwe akudutsa. West Germany idayamba kugwiritsa ntchito kasinja wa Gepard mu 1976, wokhala ndi radar yakeyake ndi mfuti ziŵiri za mamilimita 35. America idayesa kupanga wake wotchedwa Sergeant York, koma adalephera mayeso mochititsa manyazi, ndipo mu Ogasiti 1985 nduna ya zachitetezo Caspar Weinberger idathetsa ntchitoyo itadya kale madola 1.8 biliyoni.

Soviet Union itagwa mu 1991, maiko a azungu adayamba kuona mlengalenga ngati munda wawo. Nkhondo zimene adamenya pambuyo pake ku Afghanistan ndi ku Iraq zidali zolimbana ndi adani opanda ndege, ndipo asilikali ophunzitsidwa kuomba ndege adapatsidwa ntchito yoperekeza malole ndi kulondera misewu. Mu 2004 gulu lankhondo la America lidali ndi mabataliyoni 26 a chitetezo cha mlengalenga wapafupi. Pofika 2017 adatsala 9, ndipo mwa ameneŵa aŵiri okha ndiwo adali a asilikali a ntchito ya tsiku ndi tsiku. Germany idapumitsa Gepard mu 2010, ndipo mu 2012 idathetseratu nthambi yonse ya asilikali a pansi yoona za kuomba ndege.

Sitikunena kuti amene adalamula zimenezi adali opusa. Thumba la boma silikwanira zonse, ndipo pa nthaŵiyo asilikali ankafa ndi mabomba okwirira m'misewu, motero ndalama zidapita ku magalimoto olimba kunsi. Cholakwa chachikulu chidali kuthetsa nthambi pamodzi ndi anthu ake. Chida chimene chasungidwa m'nkhokwe chingathe kutulutsidwa, kupukutidwa ndi kuthiridwa mafuta. Sajeni amene waphunzitsa anyamata kwa zaka 20 akapuma pa ntchito popanda womusiyira luso, lusolo limapita naye kumudzi. Akuluakulu a m'maofesi a boma amene adaonapo dipatimenti ikutsekedwa kenaka n'kufunikanso patapita zaka khumi akudziŵa kuti kumanganso nyumba kumafulumira kuposa kupezanso anthu odziŵa ntchito. Germany idalengeza mu 2024 kuti iyambitsanso nthambi ija, patangopita zaka 12 chiithetsereni.

Akulu adati chakudza sichiimba ng'oma, koma pa nkhani iyi ng'oma idalira kangapo. Mu 2016 ndi 2017, pa nkhondo ya mu mzinda wa Mosul ku Iraq, zigaŵenga za Islamic State zinkagula tindege tojambulira zithunzi m'masitolo n'kumatimangirira timabomba togwetsera pa asilikali a boma. Pa 14 Sepitembala 2019, tindege ndi mizinga youluka motsika zidaphulitsa malo oyengera mafuta a Abqaiq ndi zitsime za Khurais ku Saudi Arabia, n'kudula kwa kanthaŵi pafupifupi theka la mafuta amene dzikolo limatulutsa, ngakhale kuti Saudi Arabia ndi limodzi mwa maiko ogula zida zodula kwambiri pa dziko lapansi. Mu 2020, pa nkhondo ya masiku 44 yolimbirana dera la Nagorno-Karabakh, Azerbaijan idagwiritsa ntchito madroni a Bayraktar TB2 a ku Turkey ndi a Harop a ku Israel poononga akasinja ndi mizinga ya Armenia. Idatumizanso ndege zakale za An-2 zopanda munthu ngati nyambo, kuti asilikali a Armenia ayatse ma radar awo ndi kudziulula pamene abisala. Zida za Armenia zoombera ndege, zambiri za nthaŵi ya Soviet Union, zidasanduka nyama m'malo mokhala alenje.

Koma sukulu yeniyeni yakhala Ukraine, kuyambira pamene Russia idaloŵa m'dzikolo ndi nkhondo yaikulu mu Febuluwale 2022. Kumeneko kandege kamene woyendetsa amakaongolera atavala magalasi oonetsa zimene kamera yake ikuona, kogulidwa pa madola pafupifupi 500, kamatha kutsata kasinja wa madola mamiliyoni mpaka kukamuphulitsa pamalo pamene chitsulo chake n'chopyapyala. Pulezidenti Volodymyr Zelensky adanena kuti mu 2024 mokha dziko lake lidapanga tindege totere 2.2 miliyoni. Bungwe la kafukufuku la ku London lotchedwa RUSI lidalemba mu Febuluwale 2025 kuti mwa zida 100 zilizonse za Russia zoonongeka pa bwalo la nkhondo, 60 mpaka 70 zinkaonongedwa ndi madroni, ngakhale kuti tindege tambiri totumizidwa sitinkafika n'komwe pa chimene tatumidwa. Mfundo yachiŵiriyi njofunika kuimvetsa. Chida chotsika mtengo chingathe kulephera kasanu n'kupambana kachisanu ndi chimodzi, mwini wake n'kupindulabe. Woteteza ndiye alibe mwayi wolephera.

Apa ndipo pagona nkhani. Mu Marichi 2017, kazembe wa nkhondo wa ku America, David Perkins, adafotokoza pa msonkhano kuti dziko lina logwirizana nawo lidagwetsa kandege ka madola 200 ndi mzinga wa Patriot wa madola pafupifupi 3 miliyoni. Mzingawo udagwira ntchito yake, koma iye adachenjeza kuti mdani wanzeru akaona zimenezi angogula tindege tambiri kufikira mizinga itatha. Mzinga wa Stinger, wonyamula papheŵa, umene udatchuka ku Afghanistan kuyambira 1986 pogwetsa mahelikopita a Soviet Union, nawonso si wotsika mtengo. Mu Meyi 2022 boma la America lidagwirizana ndi kampani ya Raytheon kuti igule mizinga 1,300 pa madola 624 miliyoni, kutanthauza madola 480,000 pa mzinga umodzi. Mwana wa Sitandade 8 angathe kuŵerengera kuti ndalama ya Stinger mmodzi igula tindege 960 ta madola 500. Ndipo ndalama zitapezeka, mizingayo sidapezeke msanga, popeza zipangizo zina za m'kati mwake zidali zitasiya kupangidwa, ndipo kampaniyo idachita kuitana antchito opuma kuti adzaphunzitse achinyamata kapangidwe kake.

Masamu omweŵa adaonekeranso usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Sepitembala 2025, pamene madroni a Russia pafupifupi 20 adaloŵa mu mlengalenga wa Poland. Ndege za F-16 za Poland ndi za F-35 za Netherlands zidanyamuka, ndipo zidagwetsa ochepa chabe. Ambiri mwa amene adapezeka pansi adali a nyambo, opangidwa ndi matabwa opyapyala ndi thovu louma, opanda bomba n'komwe. Palibe dziko, ngakhale lolemera chotani, limene lingapirire kusinthana kotereku usiku uliwonse kwa chaka chathunthu.

N'chifukwa chake mfuti yabwereranso. Amati tsabola wakale saŵaŵa, koma Gepard watsutsa mwambiwu. Germany idayamba kutumiza akasinja opuma aja ku Ukraine mu 2022, ndipo adafika oposa 50. Ena adachita kugulidwanso ku Qatar, ndipo America idagula ena ku Jordan. Polimbana ndi madroni a Shahed-136 a ku Iran, amene Russia idayamba kuŵatumiza mu Sepitembala 2022 ndipo pambuyo pake idayamba kuŵapanga yokha, Gepard adakhala m'gulu la zida zodalirika koposa, popeza zipolopolo zochepa zimakwanira kugwetsa droni imodzi. Komabe nkhani ya Gepard ili ndi phunziro lina limene ogula zida sayenera kuliiŵala. Zipolopolo zake zambiri zidapangidwa ku Switzerland, ndipo boma la kumeneko, potsata lamulo lake losaloŵerera nkhondo, lidakana mu 2022 kuti Germany ipereke kwa Ukraine zipolopolo 12,400. Zidatengera Germany kupangana ndi kampani ya Rheinmetall mu Febuluwale 2023 kuti ikhazikitse makina atsopano opangira zipolopolo 300,000, ndipo zoyamba zidafika patapita miyezi ingapo. Kwa miyezi yonseyo asilikali a Ukraine ankaomba moŵerengera. Wogula mfuti amagulanso ndale za dziko limene limapanga zipolopolo zake.

Mfuti za makono zapitirira Gepard pa chinthu chimodzi chachikulu, ndicho chipolopolo chophulikira m'malere. Chipolopolo cha mamilimita 35 cha mtundu wa AHEAD chimauzidwa ndi kompyuta, pa nthaŵi imene chikutuluka mumpope wa mfuti, kuti chikaphulike patapita nthaŵi yakuti, ndipo chimamwaza tizitsulo 152 kutsogolo kwa chinthu chimene chikubwera. Woombayo safunikanso kulasa kandege kenikeniko. Akungoyala mtambo wa zitsulo pa njira yake. Mu Febuluwale 2024 Germany idaitanitsa magalimoto 19 a Skyranger 30, a mfuti ya mtundu womwewu ya mamilimita 30, pa ndalama zokwana mayuro 595 miliyoni. America nayo idaika mizinga ya Stinger, mfuti ya mamilimita 30 ndi radar pa galimoto yankhondo ya Stryker. Zoyamba zidaperekedwa mu Epulo 2021 kwa bataliyoni ya ku Ansbach ku Germany, ndipo mu 2024 chidachi chidatchedwa Sergeant Stout pokumbukira msilikali amene adafa ku Vietnam. Pulani yoyamba idali ya magalimoto 144. Aŵerengi ayerekeze okha chiŵerengero chimenechi ndi kukula kwa gulu lankhondo limene lili ndi asilikali m'makontinenti angapo. Galimoto iliyonse yotere imateteza makilomita oŵerengeka pozungulira pake, ndipo nayonso imasakidwa ndi tindege tomwe tija.

Njira ina imene idaoneka ngati yankho lotsika mtengo ndiyo kusokoneza mafunde a wailesi amene amalumikiza kandege ndi woyendetsa wake. Njirayi imagwiradi ntchito, ndipo ndiyo imagwetsa tindege tambiri tolephera tija. Koma mu 2024 asilikali a Russia adayamba kugwiritsa ntchito, makamaka m'chigawo cha Kursk, tindege tokoka ulusi wagalasi wopyapyala ngati wa kangaude, wotalika makilomita 10 mpaka 20, mwina kuposa. Malamulo ndi zithunzi zimayenda mu ulusiwo, motero palibe mafunde oti asokonezedwe. Ukraine nayo idatengera luso lomweli. Poyankha, mbali zonse ziŵiri zidayamba kuphimba misewu ndi maukonde pa makilomita ambirimbiri, kuwotcherera zikwere zachitsulo pamwamba pa akasinja, ndi kupatsa asilikali mfuti zomwaza machaka monga zimene alenje amaombera nkhanga. Wina angaseke kuona gulu lankhondo la makono likupempha maukonde akale kwa asodzi a m'maiko ena a ku Ulaya, koma ukonde sufuna batire ndipo susokonezedwa ndi mafunde. Ukraine idakhazikitsanso timagulu toyenda pa magalimoto ang'onoang'ono okhala ndi mfuti zachiŵaya ndi nyali zowunikira usiku, ndipo mu 2025 idachulukitsa tindege tosaka tinzake, ta madola masauzande ochepa, togwetsera ma Shahed.

Za kuŵala kwa laser tinene mwachidule, popeza zalembedwa kale mopitirira muyeso. Unduna wa zachitetezo wa Britain udati mu Januwale 2024 kuomba kamodzi ndi chida chake cha DragonFire sikudya mapaundi oposa 10. Zimenezi n'zokopa. Koma America itatumiza magalimoto anayi a Stryker okhala ndi laser ya makilowati 50 ku Middle East mu 2024, akuluakulu ake adavomera pamaso pa aphungu kuti kutentha ndi kusalimba kwa zipangizo zidavuta asilikali. Kuŵala kumafooka mu fumbi, mu utsi ndi mu nkhungu, ndipo aliyense amene adaonapo utsi wa lupsa mu Okutobala kapena nkhungu ya chiperoni angamvetse chifukwa chake chida chimenechi chingakhale chothandizira chabe kwa zaka zikubwerazi.

Chimene sichikambidwa mokwanira ndi kuona ndi kuzindikira. Ukraine idapachika pa milongoti timakina masauzande ambiri tomvera phokoso, totsika mtengo, timene timamva kulira kwa injini ya Shahed n'kutumiza uthenga pa makompyuta a m'manja a timagulu ta mfuti tija. Makutu otsika mtengo ameneŵa amamva pamene radar siona. Koma kuona chinthu ndi kwina, kudziŵa mwini wake ndi kwina. Malipoti oyamba a ngozi ya pa Tower 22 adati kandege ka adani kadafika pa nthaŵi imene kandege ka America komwe kankabwerera pa kampupo, ndipo alonda sadakaombe. Kulakwa kwa mbali inayo kumaopsa koposa. Pa 8 Januwale 2020, asilikali a Iran oyendetsa mizinga ya Tor-M1, amene ankayembekezera kuti America iŵaukira usiku umenewo, adagwetsa ndege ya anthu ya Ukraine International Airlines itangonyamuka ku Tehran, ndipo anthu onse 176 adafa. Pa 25 Disembala 2024 ndege ya Azerbaijan Airlines idalasidwa pafupi ndi Grozny pamene asilikali a Russia ankalimbana ndi madroni, ndipo idakagwera ku Aktau m'dziko la Kazakhstan, n'kupha anthu 38. Munthu wokhala pa chida chotere ali ndi masekondi oŵerengeka kuti asankhe. Zida zikamachuluka m'manja mwa timagulu ting'onoting'ono, funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yolamula kuomba, ndipo akudziŵa bwanji za ndege za anthu wamba ndi za anzake zimene zili m'mwamba, liyenera kuyankhidwa pa pepala ndi pa maphunziro nkhondo isadayambe.

Aŵerengi ena anganene kuti izi ndi za ku Ulaya ndi ku Middle East. Tsoka ilo, zafika kale mu Africa. Kumapeto kwa 2021 asilikali a ku Tigray adayandikira mzinda wa Addis Ababa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, koma adabwerera mu Disembala, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chidali madroni amene boma la Ethiopia lidagula kunja, amene ankaphulitsa malole awo pa misewu yopanda pobisala. Ku Sudan, kuyambira pa 4 Meyi 2025, madroni adaphulitsa kwa masiku angapo bwalo la ndege ndi nkhokwe za mafuta ku Port Sudan, mzinda umene udali kutali ndi bwalo la nkhondo. Ku Mali ndi ku Burkina Faso zigaŵenga zagwiritsapo ntchito tindege ta m'sitolo pogwetsa mabomba pa makampu a asilikali. Ndipo pa 13 Disembala 2025, asilikali asanu ndi mmodzi a ku Bangladesh osungitsa mtendere pansi pa United Nations adaphedwa ndi madroni pa kampu yawo ku Kadugli ku Sudan.

Imfa za ku Kadugli ndizo zikutikhudza mwachindunji. Kuyambira 2013 asilikali a Malaŵi adatumikira kum'maŵa kwa Congo m'gulu lapadera la United Nations pamodzi ndi a South Africa ndi a Tanzania, ndipo adatumikiranso m'gulu la SADC limene ntchito yake idathetsedwa mu Marichi 2025, ena atataya miyoyo pa nkhondo ya kufupi ndi Goma mu Januwale chaka chomwecho. Kampu ya osungitsa mtendere sibisika. Imakhala malo amodzi kwa zaka, mahema ake ndi oyera, ndipo aliyense wa m'deralo amadziŵa pamene pali nkhokwe ya mafuta ndi pamene asilikali amagona. Dziko lililonse lotumiza ana ake ku ntchito yotere lili ndi ufulu wofunsa, lisadavomere, kuti ndani adzateteza mlengalenga wa kampuyo, ndi zida zanji, ndipo lamulo likuloleza chiyani kandege kachilendo kakaoneka pamwamba pa mpanda.

Dziko losauka silingagule Skyranger wa mayuro mamiliyoni 30, ndipo silifunika kuyamba ndi chimenecho. Zimene zapulumutsa miyoyo yambiri ku Ukraine n'zosaoneka bwino pa perete: kumwaza magalimoto m'malo moŵaunjika pamodzi, kukumba maenje okhala ndi denga, kuphimba zida, kuika mlonda woyang'ana kumwamba usana ndi usiku, kukhala ndi kachipangizo kochenjeza kandege kakayandikira, ndi kuphunzitsa woomba mfuti yachiŵaya kulasa chinthu chouluka. Mfuti zakale za mamilimita 23 ndi 14.5, zimene zili m'nkhokwe za maiko ambiri a mu Africa, zingapatsidwe maso oona usiku pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula zatsopano. Zonsezi ndi nkhani za silabasi ya sukulu za asilikali, monga ya ku Salima, zisadakhale nkhani za bajeti. Pa mizinga yonyamula papheŵa pokha m'pofunika kusamala kwambiri, ndipo chigawo chino cha Africa chikudziŵa chifukwa chake: pa 3 Sepitembala 1978 ndi pa 12 Febuluwale 1979, ndege ziŵiri za anthu wamba za Air Rhodesia zidagwetsedwa ndi mizinga ya SA-7 zitangonyamuka ku Kariba, ndipo pa ndege yachiŵiriyo anthu onse 59 adafa. Mzinga wotere umodzi wokha ukasoŵa m'nkhokwe, bwalo la ndege lililonse m'chigawo chonse limakhala pa chiopsezo kwa zaka.

Malaŵi amadziŵa madroni pa ntchito zabwino. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF adatsegula ku Kasungu malo oyeserapo tindege tonyamula mankhwala ndi kujambula madera a kusefukira kwa madzi, ndipo mu Januwale 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuyendetsa tindegeti. Luso limeneli ndi chuma, popeza amene amadziŵa kumanga kandege amadziŵanso kufooka kwake. Koma kufalikira kwa tindege kukupereka ntchito kwa akuluakulu ena amene sadavalepo yunifolomu ya usilikali: olembetsa madroni, oyang'anira mafunde a wailesi, apolisi, ndi a kasitomu a pa zipata za m'malire. Pa 1 Juni 2025 Ukraine idaphulitsa ndege zikuluzikulu za Russia zoponya mabomba pa mabwalo angapo pogwiritsa ntchito tindege 117. Tindegeto sitidaoloke malire touluka kuti radar itione. Tidabisidwa m'madenga a tinyumba tamatabwa tonyamulidwa pa malole wamba, ndipo tidanyamukira pafupi ndi mipanda ya mabwalowo, limodzi mwa iwo lili ku Siberia, makilomita oposa 4,000 kuchokera ku Ukraine.